Bento: kabokosi kamene kamasunga ndalama za banja ku Japan

Mu Meyi 2025 nduna ya zamalimidwe ku Japan, a Taku Eto, inatula pansi udindo chifukwa cha mpunga. Polankhula pamsonkhano wina, ndunayi inanena kuti sinagulepo mpunga m'sitolo popeza otsatira ake amaipatsa wochuluka. Mawuwa anatuluka pa nthawi yoipa zedi. Thumba la makilogalamu 5, limene chaka cham'mbuyo linkagulidwa pa mtengo wongopitirira pang'ono mayeni 2,000, linali litadutsa mayeni 4,000, ndipo boma linali litayamba kale kutsegula nkhokwe zake kuyambira mu Marichi pofuna kutsitsa mtengowo. Anthu anapsa mtima, ndipo sipanapite masiku ambiri ndunayo isanachoke. Amene analowa m'malo mwake, a Shinjiro Koizumi, analamula kuti mpunga wakale wa m'nkhokwe ugulitsidwe pa mayeni pafupifupi 2,000, ndipo anthu anandanda m'mizere kunja kwa masitolo kukadali m'mawa.

Mkwiyowo sunayambire m'nyumba ya malamulo. Unayambira m'makhitchini, kwa anthu amene amadzuka mbandakucha kuti alongedze chakudya chamasana cha bambo wopita kuntchito, cha mwana wa ku sekondale ndi chawo chomwe. Chakudyachi amachitcha bento, ndipo theka la bokosi lililonse ndi mpunga. Mtengo wa mpunga ukakwera, munthu woyamba kuumva ndi amene wagwira chipande.

Kunja kwa Japan, bento imadziwika kwambiri chifukwa cha zithunzi za pa intaneti: mpunga woumbidwa ngati nkhope ya kanyama, masoseji odulidwa kuti aoneke ngati timaluwa, zonse zowala mitundumitundu. Zithunzizi zimanamiza. Bento imene anthu ambiri amadya tsiku ndi tsiku ndi yodzichepetsa, kawirikawiri yofiirira chifukwa cha msuzi wa soya, ndipo mbali yaikulu ya ndiwo zake ndi mkute wa dzulo. Luso lake lenileni lagona pa kudziwa kugawa zochepa kuti zikwane, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti ndi nkhani yoyenera kuiyang'anitsitsa.

Masamu a m'bokosi

Tiyambe ndi ndalama. Bento yogula m'timasitolo tosatseka usana ndi usiku, monga 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, imadya mayeni 500 kapena kuposerapo. Banja la anthu atatu odya kunja masiku asanu pa sabata lingataye mayeni 7,500 sabata iliyonse pa nkhomaliro yokha. Yakunyumba imayenda chonchi: magalamu 200 a mpunga wophika amachokera ku magalamu pafupifupi 90 a mpunga wosaphika, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 5 limadzaza mabokosi 55. Ngakhale pa mtengo wokwera uja wa mayeni 4,000, mpunga wa bokosi limodzi umakwana mayeni 70 ndi pang'ono. Dzira limodzi ndi mayeni pafupifupi 30. Kapaketi ka nyemba zophukira, moyashi, sikafika n'komwe mayeni 50 ndipo kamakwanira mabokosi angapo. Mukawonjezera kanyama kotsala madzulo, mumapeza kuti bokosi lonse latuluka pa theka la mtengo wa m'sitolo, mwinanso kuchepera apo.

Koma chimene chimasunga ndalama kwambiri ndi bokosi lenilenilo. Ndi laling'ono, ndipo aliyense woliona koyamba amakayika ngati munthu wamkulu angakhute nalo. Akatswiri a kadyedwe ku Japan, motsogozedwa ndi Miyuki Adachi, anakonza njira yosavuta yotchedwa 3:1:2. Bokosi muligawe m'magawo asanu ndi limodzi. Atatu akhale a mpunga, limodzi likhale la ndiwo yaikulu monga nsomba, nyama kapena dzira, ndipo awiri akhale a masamba. Mukalongedza mothina bwino, osasiya mipata komanso osatsendera, mphamvu ya chakudyacho imafanana ndi kukula kwa bokosi: la mamililita 600 limapereka makalori pafupifupi 600. Mwana wamng'ono amatenga la 400, mnyamata wosewera mpira la 800 kapena 900. Palibe sikelo, palibe kuwerengera. Kusankha bokosi ndiye kuyeza komweko.

Taonani chimene njirayi ikuchita ku thumba la banja. Chinthu chodula kwambiri, nyama kapena nsomba, chapatsidwa gawo limodzi lokha mwa asanu ndi limodzi. Tizidutswa tiwiri ta nkhuku, timene pa mbale yaikulu tingaoneke ngati chipongwe, m'kangodya ka bokosi timaoneka tokwanira, ndipo timakwaniradi popeza tazunguliridwa ndi zina. Maso akhuta, mimba nayo ikhuta. Pa mbale yotambasuka munthu amangowonjezera mpaka m'mphepete. Bokosi lokhala ndi chivindikiro limamuuza kuti apa ndiye polekezera.

Kuthina kwake kulinso ndi ntchito ina. Bokosi limayenda m'chikwama, pa njinga, m'sitima yodzaza anthu, ndipo mukasiya mpata zonse zimasakanikirana. N'chifukwa chake wolongedza amakhala ndi tinthu totsekera mipata: kathimati kakang'ono, kanthambi ka burokoli, nyemba zingapo zophikidwa ndi shuga. Ambiri amatsatira lamulo la mitundu itatu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, ndipo lamuloli silongokometsera maso. Munthu amene wafunafuna chofiira, chachikasu ndi chobiriwira amapezeka kuti waika karoti, dzira ndi sipinachi osaganizira n'komwe za mavitamini.

Inayamba ngati kamba wa paulendo

Bento sinabadwire m'nyumba za olemera. Kalekale alimi, asilikali ndi apaulendo ankanyamula mpunga wophika kenako n'kuumitsa, hoshi-ii, umene ankautafuna choncho kapena kuuviika m'madzi. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, apaulendo ankamangirira m'chiuno mibulu ya mpunga, onigiri, yokulungidwa m'makoko a nsungwi. M'nyengo yomweyo anthu opita kukaonera zisudzo, zimene zinkatenga tsiku lonse, anayamba kudya makunouchi pa nthawi yopuma: mpunga pang'ono ndi tindiwo tosiyanasiyana. Mtundu umenewu ulipobe m'masitolo mpaka lero.

Sitima zapamtunda zitabwera, kunabadwa ekiben, bento ya pasiteshoni. Nkhani imene imakambidwa kwambiri imati yoyamba inagulitsidwa pa siteshoni ya Utsunomiya mu 1885, ndipo inali mibulu iwiri ya mpunga ndi tizidutswa ta takuan, mpiru wa mizu yoyera wosungidwa mu mchere. Panalibe nyama, panalibe nsomba.

Bento yosauka koposa zonse ndi hinomaru: mpunga woyera bokosi lonse, pakati pake kachipatso kamodzi kofiira, kowawasa ndi kamchere kotchedwa umeboshi, moti imaoneka ngati mbendera ya dzikolo. M'zaka za nkhondo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1940, inkalimbikitsidwa ngati chizindikiro cha kudzimana. Okalamba amakumbukira kuti asidi wa kachipatsoko ankadya chivindikiro cha aluminiyamu mpaka kuboola, chifukwa tsiku lililonse kankakhala pamalo amodzimodzi. Ina ndi noriben: mpunga, tinyenyeswa ta nsomba youma tothiridwa msuzi wa soya, pamwamba pake chitsamba chakuda cha ndere za m'nyanja. Amayi ankaikonza pamene m'nyumba mulibe ndiwo. Kampani ya Hokka Hokka Tei, imene inayamba mu 1976 kugulitsa bento zotentha, inawonjezerapo nsomba yokazinga ndi chikuwa, kachubu ka nsomba yopera, ndipo mpaka pano noriben ndi imene imakhala pansi pa mndandanda wa mitengo m'masitolo a mtunduwu.

Mbiriyi ikusonyeza kuti zokongoletsa zinabwera pambuyo. Maziko ndi mpunga wozizira ndi kanthu kamchere koutsitsira.

Ntchito imayamba madzulo

Tiyerekeze khitchini ya banja wamba m'dera lozungulira Tokyo, yopapatiza moti anthu awiri sangadutsane bwino. Mayi akukazinga nkhuku ya chakudya chamadzulo, karaage, imene yagona mu msuzi wa soya, jinja ndi adyo. Wagula chidali osati ntchafu, chifukwa ku Japan chidali ndi chotsika mtengo. Asanaike mbale patebulo, akupatula tizidutswa tisanu ndi kamodzi n'kutivundikira pambali. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Akadikira kuti aone zotsala, sipatsala kanthu, popeza mnyamata wa zaka 16 sasiya nkhuku m'mbale. Ndiwo za mawa zimachotsedwa poyamba, ngati mmene mlimi amapatulira mbewu banja lisanayambe kudya za m'nkhokwe.

M'firiji muli timabokosi tinayi kapena tisanu timene anakonza Lamlungu, zimene amazitcha tsukurioki. Muli kinpira, mizu ya gobo ndi karoti zodulidwa ngati timitengo ta machesi, zokazingidwa ndi msuzi wa soya ndi shuga mpaka madzi onse atauma. Muli dzungu lophikidwa motsekemera. Muli sipinachi wowiritsa, wofinyidwa bwino, wosakaniza ndi chitowe chosinja. Zina waziika m'timakapu ting'onoting'ono n'kuziumitsa mufiriza, kuti m'mawa angotenga kamodzi. Timakaputo, bokosi lenilenilo, timitengo todyera ndi nsalu yokulungira, zonse zimapezeka m'masitolo a mayeni 100 monga Daiso. Alipo mabokosi okongola a mtengo wa mkungudza, magewappa a ku Odate m'chigawo cha Akita, amene amamwa chinyezi cha mpunga n'kuusunga wokoma, koma mtengo wake ndi mayeni masauzande angapo, ndipo banja losamala ndalama silifunika kuyambira pamenepo.

Pogula zinthu pali nzeru zake. Madzulo, sitolo ikatsala pang'ono kutseka, wantchito amayenda ndi timapepala tomata pa nsomba, nyama ndi zophikaphika, kutsitsa mtengo pang'onopang'ono mpaka theka, ndipo pamakhala anthu omutsatira mwakachetechete. Ena amapita ku masitolo ogulitsa zambiri nthawi imodzi monga Gyomu Super, kukagula nyama n'kukaigawa m'timapaketi ta tsiku limodzilimodzi. Chikuwa, kachubu ka nsomba yopera, ndi bwenzi la wosauka: mukalowetsamo nkhaka n'kuduladula, mwatseka mpata ndi mayeni ochepa. Nyama ikachepa amaichulukitsa ndi tofu, kapena amakulunga kagawo kopyapyala ka nkhumba pa karoti ndi zitheba kuti kaoneke konenepa. Mpunga utakwera mtengo, ena anayamba kusakanizamo balere, chinthu chimene agogo awo ankachita kale m'masiku a umphawi.

Asanagone, mayi uja amatsuka mpunga, n'kuuika m'poto wamagetsi, n'kutchera nthawi. Poto ameneyu, amene kampani ya Toshiba inayamba kugulitsa mu 1955, anabwezera amayi a ku Japan ola lathunthu la tulo, chifukwa kale munthu ankayenera kudzuka kukasonkha moto ndi kuuyang'anira. Mpunga wake ndi wa njere zazifupi, womatana, monga Koshihikari, ndipo ubwino wake ndi woti umakhalabe wofewa ngakhale utazizira. Wotsala sauika m'firiji wamba, mmene umauma n'kusanduka mbuluuli; amaukulunga ukadali wotentha n'kuuika mufiriza.

M'mawa chinthu chokhacho chophika kuyambira pachiyambi ndi dzira, tamagoyaki, ndipo ndi chosangalatsa kuchionerera. Mazira awiri kapena atatu amawamenya ndi shuga pang'ono, mchere ndi dontho la msuzi wa soya. Chiwaya chake ndi cha makona anayi, chaching'ono ngati chikhatho chotambasula. Amapakamo mafuta ndi kapepala, n'kuthira dzira lochepa kuti liyale ngati nsalu. Lisanaume pamwamba, amalipinda ndi timitengo kuchokera kutsogolo kubwera kwa wophika, kenako n'kukankhira mpukutuwo kumapeto. Amathiranso dzira lina, n'kutukula mpukutu uja pang'ono kuti laliwisilo lilowe pansi pake, n'kupindanso. Katatu kapena kanayi, ndipo chimene chatuluka ndi kamtanda kachikasu kokhala ndi mizeremizere mkati. Akakadula, mazira aja akwanira mabokosi atatu, aliyense tizidutswa tiwiri, ndipo nsonga zake ziwiri zosaoneka bwino zimathera m'kamwa mwa wophika kapena mwana amene wadzuka msanga.

Kulongedza kuli ndi dongosolo lake: mpunga poyamba, kenako ndiwo yaikulu youtsamira, kenako masamba, pomaliza totsekera mipata. Zonse zikakhala zokonzeka kale, ntchitoyi siyidutsa mphindi makumi awiri.

Kuti chisasase

Pali mbali imodzi imene wolongedza aliyense amaiopa, ndipo sayenera kuichita mwachibwana. Bokosi limatsekedwa cha m'ma 6 koloko m'mawa n'kudzatsegulidwa masana, ndipo maola onsewo limakhala m'chikwama. Mu Juni ndi Julaye, nyengo ya mvula yotchedwa tsuyu, kunja kumatentha ndipo mpweya umakhala wa chinyezi, moti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga.

Lamulo loyamba ndi kusatseka bokosi chakudya chikadali chotentha. Nthunzi imasanduka madontho pansi pa chivindikiro, madonthowo n'kugwera m'chakudya, ndipo pofika masana chasasa. Choncho mpunga amauyala kuti uzizire, ena n'kuukupiza ndi chokupizira. Mkute wa dzulo amautenthetsanso mpaka pakati penipeni, kenako n'kuuziziritsanso. Kuutenga m'firiji n'kungouponya m'bokosi n'kuika moyo wa mwana pachiswe. Dzira liyenera kupsa lonse. Ndiwo zamadzimadzi sizilowa, ndipo n'chifukwa chake masamba amafinyidwa kapena kusakanizidwa ndi chitowe ndi tinyenyeswa ta nsomba youma, zimene zimamwa madzi. Nyemba zophukira zija, ngakhale zili zotsika mtengo, zimatulutsa madzi ambiri ndipo zimafuna kuphikidwa mokwanira ndi kufinyidwa. Mibulu ya mpunga masiku ano ambiri amaiumba atayala kapulasitiki m'manja, popeza pakhungu la munthu, makamaka pamene pali kabala, pamakhala tizilombo timene poizoni wake saphedwa ndi moto. Mchere, shuga ndi viniga zimathiridwa mopitirirako pang'ono kusiyana ndi chakudya chapatebulo, choyamba chifukwa chakudya chozizira chimamveka chosakolera, chachiwiri chifukwa zimathandiza kusunga. M'chilimwe amaika kapaketi kozizira pamwamba pa bokosi.

Wowerenga wa kuno kwathu amene akufuna kuyesa njirayi aikepo mtima pa ndime imeneyi kuposa ina iliyonse. Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja sikuchitira chifundo mpunga wophika, ndipo nyumba zambiri zilibe firiji yodalirika. Kugawa bokosi m'magawo, kupatula ndiwo musanadye, kuphika zouma, kuziziritsa musanatseke, zonsezi zimatheka ndi mpunga wa Kilombero, mbatata, usipa wokazinga ndi chisoso. Koma kusunga ndiwo za sabata yonse n'kosatheka popanda magetsi okhazikika, ndipo pamenepo ndi bwino kuphika za tsiku lomwelo.

Amene amalipira ndi tulo

Masamu amene tinawerengera aja ali ndi chinthu chimodzi chimene sanachiwerengere, ndicho nthawi ya munthu wolongedza. Bento yakunyumba ndi yotsika mtengo chifukwa pali wina amene akugwira ntchito yosalipidwa, ndipo m'mabanja ambiri munthuyo ndi mayi, amene nayenso mwina akupita kuntchito m'mawa womwewo. Masukulu ambiri a sekondale yapamwamba sapereka chakudya, choncho kwa zaka zitatu, tsiku lililonse la sukulu, bokosi liyenera kukhala lokonzeka mwana asanathamangire sitima.

Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Anne Allison, amene mwana wake anaphunzira pa sukulu ya mkaka ku Tokyo, analemba mu 1991 kuti bento imayesa anthu awiri nthawi imodzi. Mwana amayenera kumaliza zonse, mwachangu, pamodzi ndi anzake. Mayi naye amaweruzidwa ndi aphunzitsi poona mmene bokosi lakonzedwera. Kenako kunabwera kyaraben, bento zoumbidwa ngati zidole za m'makatuni, zimene zimafuna timipeni, timalumo ndi kudzuka usiku. Mafoni okhala ndi kamera atafala, mpikisanowo unakula, moti masukulu ena a mkaka anafika poziletsa, poona kuti mwana amene mayi ake alibe nthawi yochita zimenezi amachita manyazi potsegula bokosi lake.

Manyazi amenewa si atsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, bokosi lonyezimira la aluminiyamu linali chizindikiro cha chuma, ndipo m'kalasi munkaonekeratu mwana wa mwini malo ndi mwana wa mlimi wobwereka munda. Ena ankabisa chakudya chawo ndi chivindikiro podya. Ena analibiretu chonyamula, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankatuluka panja. Ine ndimaona kuti aliyense woyamikira kukongola kwa bento ayenera kukumbukiranso mwana ameneyu, chifukwa chakudya chonyamula kunyumba chimaulula za m'nyumbamo pamaso pa anthu onse.

Yankho la dziko la Japan linali chakudya cha pasukulu, kyushoku. Chinayamba mu 1889 mumzinda wa Tsuruoka m'chigawo cha Yamagata, pa sukulu ina ya pakachisi wa Chibuda, pamene ana osauka ankapatsidwa mibulu ya mpunga, nsomba yootcha ndi masamba a mu mchere. Mu 1954 boma linakhazikitsa lamulo la chakudya cha m'sukulu, ndipo lero pafupifupi ana onse a pulaimale m'masukulu a boma amadya chakudya chimodzimodzi, chimene amagawirana okha atavala zovala zoyera. Mbiri imeneyi ili ndi nthambi yofika kwathu kuno: bungwe la ku Japan lotchedwa Seibo limasonkhanitsa ndalama kumeneko, zina pogulitsa khofi wa ku Malawi, kuti ana a m'masukulu ena m'dziko muno alandire phala.

Vutolo silinatheretu ngakhale m'dziko lolemera chotero. Kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 2021 ana 11.5 pa 100 alionse ku Japan anali m'mabanja osauka poyerekeza ndi anzawo, ndipo m'mabanja a kholo limodzi chiwerengerocho chinali 44.5 pa 100. Kwa mayi wolera yekha ana, tchuthi chachitali cha m'chilimwe, pamene chakudya cha pasukulu chimaima, ndi nyengo yowawa. Kwa iyeyu bento yotsika mtengo si nkhani yosangalatsa ya m'magazini. Ndi mmene mwezi umathera.

Pali zosintha zina zolimbikitsa. Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwedezeka mu 2008, anyamata ambiri ogwira ntchito m'maofesi anayamba kudzilongedzera okha chakudya pofuna kusunga ndalama, mpaka nyuzipepala zinawapatsa dzina lawolawo. Makampani a zakudya zouma ndi chisanu anayamba kupanga tindiwo timene mumangotiika m'bokosi tili choncho, n'kusungunuka tokha pofika masana, ndipo amayi ambiri anasiya kudziimba mlandu pozigwiritsa ntchito. Mabuku ophikira oyamikira bento yofiirira, yosakongoletsa, nawonso anayamba kugulidwa. Zonsezi n'zabwino. Bokosi la mpunga, dzira ndi mkute limene lakonzedwa m'mphindi khumi limadyetsa mwana mofanana ndi lija la nkhope ya kanyama, ndipo mayi wake amakhala atagona.

Tsiku limene ana amadziphikira

Njira imene imandigwira mtima kwambiri inachokera kwa mphunzitsi wamkulu wina, a Kazuo Takeshita, pa sukulu ya pulaimale ya Takinomiya m'chigawo cha Kagawa. Mu 2001 iwo anakhazikitsa tsiku la bento kwa ana a m'makalasi awiri omaliza, a zaka 10 mpaka 12. Kasanu pa chaka, ana amenewa amabwera ndi chakudya chimene akonza okha. Kusankha zophika, kukagula kusitolo, kuphika, kulongedza ndi kutsuka ziwiya, zonse ndi ntchito ya mwana. Makolo anapemphedwa chinthu chimodzi chokha, chimene kwa ambiri chinali chovuta kuposa kuphika: asathandize. Aphunzitsi nawo sapereka malikisi pa bokosi la mwana aliyense.

Poyamba makolo ena anadandaula za mipeni ndi moto, ndiponso kuti ana sangathe kudzuka m'mawa. Sukuluyo inayamba yaphunzitsa anawo kuphika m'kalasi miyezi yoyambirira ya chaka, tsiku loyamba lisanafike. Zimene zinatsatira n'zimene aliyense wodziwa ana angayembekezere. Mazira ena anapserera, mpunga wina unali wamadzi, koma mwana amene anathandizidwa mobisa ndi mayi ake ankaona anzake akunyadira zopserera zawozo, ndipo mwezi wotsatira ankaumirira kuchita yekha. Mwana akapita kusitolo ndi ndalama zowerengeka amaphunzira kuti chidali n'chotsika mtengo kuposa ntchafu, ndiponso kuti kabichi mmodzi amakwanira masiku angapo. Akaphika dzira la bokosi limodzi amatsala ndi lina, ndipo lotsalalo limapita m'mbale ya bambo kapena ya mng'ono wake, mwina koyamba m'moyo wake kudyetsa munthu wina. Ndipo akaimirira pa sinki m'mawa wa mu Disembala, manja ali m'madzi ozizira, amadziwa ndi thupi lake chimene munthu wina wakhala akumuchitira zaka zonsezi.

Anyamata ndi atsikana amachita nawo mofanana, ndipo mfundo imeneyi ndi yaikulu m'dziko limene ntchito ya kukhitchini yakhala pa mapewa a akazi kwa nthawi yaitali. A Takeshita atapuma pantchito anapitiriza kuyenda m'madera osiyanasiyana kukamba za njirayi, ndipo masukulu oposa 1,000 m'dziko lonselo anaitengera, kuphatikizapo masekondale ndi mayunivesite ena.